Momwe mungakonzekerere namondwe ndi madzi osefukira mu Blantyre thandizo la boma lisanafike

Amene anali ku Chilobwe, ku Manja kapena kulikonse m'munsi mwa phiri la Soche mu Marichi 2023 safunika kuuzidwa kuti namondwe ndi chiyani. Mvula ya namondwe Freddy inagwa masiku angapo osakata, nthaka inakhuta madzi, kenako phiri linamasula matope ndi miyala ikuluikulu anthu ambiri ali m'nyumba. Pa 13 Marichi mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti chigawo chakumwera chagwa m'ngozi. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira m'dziko muno, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala.

Asilikali, apolisi, a Red Cross ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, anafika ndithu. Koma ambiri amene anatuluka amoyo m'matope anafukulidwa ndi anansi awo, ndi makasu ndi manja. Misewu ikaduka, milatho ikapita, galimoto ya boma imayima ngati yanu yomwe. Tsiku loyamba ndi lachiwiri mumakhala nokha ndi anthu a m'dera lanu, ndiye malangizo awa ndi a masiku amenewo.

1. Yenderani malo anu kunja kusanagwe mvula

Tulukani, muzungulire nyumba, muyang'ane kumtunda. Madzi akagwa pamwamba apo amatsikira kuti? Mu Blantyre ngozi ili pawiri. Pali amene ali m'mphepete mwa mitsinje ngati Mudi, Nasolo, Naperi ndi Likhubula, imene m'chilimwe imaoneka ngati ngalande zonunkha koma mvula ikalimba imadzaza mu ola limodzi. Ndiye pali amene anamanga m'mbali mwa mapiri a Soche, Ndirande, Bangwe ndi Mpingwe, kumene mitengo inatha kalekale chifukwa cha makala, nkhuni ndi mapuloti. Awa sawopa mtsinje, koma phiri ndi limene limawabwerera. Akuluakulu ankati wadutsa Napolo, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991.

Ngati nyumba ili m'kachigwa kouma kotsika kuchokera m'phiri, dziwani kuti mwakhala panjira ya madzi, ngakhale patha zaka khumi asanadutsepo. Funsani amene anakhalitsa m'deralo kuti mu Januwale 2015 ndi nthawi ya namondwe Idai mu 2019 madzi analekeza pati. A lendi, funso limeneli muzifunsa musanapereke ndalama ya mwezi woyamba, chifukwa landilodi sadzayamba yekha kukuuzani.

Fukulani ngalande za pakhomo, chotsani majumbo ndi mabotolo amene atseka pansi pa kamlatho. Nyumba ya zidina kapena yomangira dothi imagwa kuyambira m'munsi madzi akaima m'mbali mwa khoma, choncho kwezani khonde ndipo madzi a padenga muwapatse njira yopita kutali.

2. Mverani a zanyengo, osati voisi noti ya pagulu

Nthambi yoona za nyengo ili konkuno ku Blantyre, ndipo namondwe akamapangika m'nyanja ya Indian imachenjeza kukadali masiku angapo kudzera pa MBC, Zodiak, Times ndi tsamba lake la Facebook. Miyezi yoopsa kwambiri ndi Januwale, Febuluwale ndi Marichi. Namondwe Ana anabwera mu Januwale 2022, Gombe mu Marichi chaka chomwecho. Khalani ndi kawailesi ka mabatire, chifukwa magetsi ndi amene amayamba kupita. Namondwe Ana atawononga damu lopangira magetsi la Kapichira dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira kwa miyezi yambiri.

Uthenga wa pa WhatsApp wopanda dzina la ofesi imene yautulutsa, usiyeni pomwepo.

3. Mangani kachikwama kothawa nako

Mu jumbo yolimba, yokulunga kawiri, ikani chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala a aliyense, makadi a sikelo a ana, masatifiketi a sukulu ndi mapepala a malo. Jambulaninso zonsezi pafoni n'kutumiza kwa m'bale amene ali kutali. Onjezani tochi, machesi, pawabanki yodzaza, bulangete, chitenje, sopo, mapadi, ndi mankhwala a amene amamwa tsiku ndi tsiku, kaya ndi ma ARV, a BP kapena a shuga. Ndalama zina zikhale za m'manja. Netiweki ikagwa, za mu Airtel Money kapena Mpamba simungagule nazo ngakhale bani. Chikwamacho chizikhala pafupi ndi chitseko, ndipo ana adziwe kuti ndi chiti.

4. Sankhani kothawira, ndipo chokani kukadali kowala

Apa ndi pamene pamavuta, ndipo ndi pamene pamapulumukira anthu. Mugwirizane pabanja lero kuti mukathawira kuti: kwa achibale amene ali pamalo okwera koma osati m'mbali mwa phiri, kutchalitchi, kumzikiti, kapena kusukulu imene khonsolo imatsegula ngati msasa. Njira yopitira kumeneko isakhale yowoloka mtsinje. Funsani a bulokolida kapena a khansala kuti komiti yoona za ngozi m'dera lanu ndi ndani, mulembe manambala awo papepala, osati m'foni mokha.

Chenjezo likaperekedwa, mvula n'kugwa usiku ndi usana osapuma, musadikire kuona madzi pakhomo. Tumizani ana, agogo, amayi oyembekezera ndi aulumali masana omwewo. Ndikudziwa chimene chimagwira anthu miyendo: akuba. Munthu amaganiza za TV, matiresi ndi thumba la chimanga limene wavutikira, n'kunena kuti ndigona konkuno ndilondere. Kwezani katunduyo pamwamba, zing'onozing'ono zamtengo wapatali mukasungitse kwina, mukhome, muzipita. Ngati pafunika olondera, akhale anyamata angapo ogwirizana, ali maso pamalo otetezeka, ali ndi tochi ndi wezulo, osati bambo yekha atagona m'nyumba yoyang'anizana ndi phiri.

Kwa a m'mapiri, zizindikiro zoti nthaka yatsala pang'ono kutsika ndi izi: ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, chitseko chimene chayamba kukana kutsekeka, mitengo ndi mapolo kupendekeka, madzi kutumphuka pamene sipanakhalepo kasupe, kamtsinje kusanduka matope okhaokha kapena kuchepa mwadzidzidzi mvula ikugwabe. Mukamva mkokomo ngati lole ikutsitsa miyala, musathamangire kumunsi kutsogolo kwa matope, sangakusiyeni. Thamangirani chammbali, kutuluka m'njira yake.

5. Madzi akafika

Zimitsani magetsi pa meni switchi ngati mungafikepo muli pouma. Waya wa ESCOM wogwa pansi muzimuona ngati wamoyo nthawi zonse. Musawoloke madzi othamanga: ofika m'akakolo okha, masentimita 15, amagwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 amanyamula galimoto yaing'ono. Wakabaza kapena dalaivala wa minibasi akati tidutsa bwinobwino, tsikani. Amene muli ndi ulendo wa ku Chikwawa ndi Nsanje, uimitseni kaye. Madzi ambiri a kumtunda kuno amakathera mu Shire, Ruo ndi Mwanza, ndipo kumeneko amatha kusefukira kutawala dzuwa, msewu wa M1 n'kuduka.

6. Lembetsani, chifukwa thandizo limatsata kaundula

Boma siliyamba ndi kugawa ufa. Komiti za m'madera zimalemba mabanja okhudzidwa, khonsolo imatumiza lipoti ku DoDMA, ndiyeno DoDMA imagwirizanitsa maunduna, asilikali ndi mabungwe ngati Red Cross ndi WFP, bungwe loona za chakudya padziko lonse. Ngozi ikakula, mtsogoleri wa dziko amalengeza, zimene zimatsegula njira yopempha thandizo kunja. Lamulo latsopano loyendetsera zonsezi linadutsa mu 2023, kulowa m'malo mwa la 1991.

Choncho mukafika pamsasa, pezani amene akulemba mayina, mutchule anthu onse a pabanja panu, oyembekezera, ana osakwana zaka zisanu ndi odwala. Amene mwathawira kwa achibale, pitanibe mukalembetse kwa a bulokolida. Ambiri amaphonya thandizo chifukwa dzina lawo silili paliponse. Jambulani zithunzi za nyumba musanayambe kukonza. Thandizoli ndi laulere. Wina akapempha ndalama kapena thupi lanu kuti akulembeni, kanenani kupolisi kapena kwa oyang'anira msasa. M'bale amene sakuoneka mukamulembetse kupolisi ndi kwa a Red Cross, mukafunsenso kuchipatala cha Queens.

7. Madzi akaphwa, opani kolera

Zimbudzi zimasefukira, mapaipi a Water Board amaduka, anthu n'kuyamba kutunga m'zitsime ndi m'mitsinje. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre anali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri. Madzi akumwa muziwiritsa mpaka abwate, kapena muthire WaterGuard kapena kolorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, mudikire mphindi 30. Munthu akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi otsukira mpunga, mupatseni Thanzi ORS muli paulendo wa kuchipatala. Thanzi akasowa, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa.

Pobwerera kunyumba pitani masana, ana muwasiye kaye. Yang'anani makoma kunja musanalowe, chifukwa khoma lonyowa limatha kugwa patapita masiku mvula itasiya. Ufa ndi ndiwo zimene zakhudzana ndi madziwo tayani, ndipo magetsi musayatse mpaka wodziwa ntchito atayang'ana mawaya ndi masoketi onse.