Momwe mungasankhire miter saw: dulani thabwa musanalipire

Amisiri a ku Kalingalinga mu Lusaka, aja amayala mabedi ndi zitseko m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, amadziwa kuti felemu ikasiya kampata pakona, wogula amaona msanga n'kuyamba kutsitsa mtengo. Miter saw ndi macheka a magetsi othetsa vuto limeneli. Amatsika kuchokera pamwamba n'kudula thabwa mopingasa pa madigiri 90, 45 kapena ena amene mwatchera. Kung'amba thabwa m'litali si ntchito yake.

Musanapite kusitolo, tengani tepi muyeze matabwa amene mumakonda kugula ku msika wa Buseko. Makina a blade (chitsulo chozungulira cha mano) ya 255 mm osatsetsereka amadula thabwa lotambalala pafupifupi 130 mm basi. Pa mafelemu ndi mipando n'zokwanira. Koma ngati mumapanga mashelefu ndi makabati, mukufunika otsetsereka pa tinjanji tiwiri, amene amafika cha m'ma 300 mm. A blade ya 305 mm ndi olemera, blade yakenso ndi yokwera mtengo. Ine ndimati asiyireni ogwira ntchito zazikulu.

Kenako werengani kachitsulo kolembedwa pa mota. Magetsi athu kuno ndi a 230V. Makina ochokera ku America ndi a 120V, ndipo mukangowalumikiza kukhoma, apsa. Ngati mumadalira jenereta magetsi akathima, dziwani kuti mota ya 1,500 W kapena 1,800 W imakoka mphamvu yoposa pamenepo ikamayamba kuzungulira, moti kajenereta kakang'ono kamatsamwa.

Funsaninso kukula kwa bowo la pakati pa blade, chifukwa ena ndi 30 mm, ena 25.4 mm. Mufunse pomwepo ngati ma blade ake ndi ma carbon brush (timakala ta m'mota timene timatha) amapezeka mu Lusaka. Kaya ndi Makita, Bosch kapena Ingco, makina osowa zosinthira amakhala pakona kudikira fumbi. Blade ya mano 40 imadula paini mwachangu koma imasiya pokhakhala. Pa mukwa wa katundu wa m'nyumba, gulani ya mano 60 kapena 80.

Tsopano pofunika penipeni. Nyamulani kathabwa kowongoka ndi sikweya yanu, mupemphe kuti ayatse makinawo. Dulani tizidutswa tinayi tofanana kutalika, nsonga zonse ziwiri pa madigiri 45, mutisonkhanitse pathebulo ngati felemu ya chithunzi. Kalakwika pang'ono kamene diso silingaone pa kudula kumodzi, kamaonekera poyera pakona yomaliza. Makina atazima, tsitsani mutu wake muugwedeze uku ndi uku. Ukamasewera, palibe kutchera kumene kudzawongole. Onaninso kuti chophimba blade chikubwerera chokha mukakweza mutu. Amisiri ena amachichotsa ati chimachedwetsa ntchito, koma chala sichimeranso.

Makina ogwiritsidwa kale ntchito si oipa, bola muwamvetsere. Phokoso lokhukhuluza likutanthauza kuti mabering'i atha, ndipo moto wambiri wothetheka m'mota ndi fungo la kupsa ndi chizindikiro choti muwasiye. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani kwina. Akavomera ndipo felemu yatseka bwino, lipirani, koma lisiti likhale ndi nambala ya makinawo ndi miyezi ya waranti.