Tasiyani kuwadula mawu odwala maganizo

Mwezi uno ndazungulira m'zipatala zing'onozing'ono zingapo kuona m'mene kiliniki ya matenda a maganizo ikuyendera, ndipo chomwe chandinyansa si kusowa kwa mankhwala ayi, zimenezo tinazolowera, koma kachizolowezi kodula wodwala mawu asanafike n'komwe pa chimene wabwerera. Munthu wangoti "adokotala, masiku ano tulo sindikupeza, mtima umango..." ife maso ali m'buku, bolopeni ikuthamanga, "musamaganize kwambiri bambo, limbani mtima, muzipemphera", panado uyo, wina alowe. Inu alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya mwatengeranso zomwezi kumudzi.

Musamaganize kwambiri ndiye kuti chani? Munthu wapalasa njinga kuyambira mbandakucha kudzakuuzani kuti maganizo amuchulukira, inu n'kumubwezera mawu ake omwewo ngati ndi mapilitsi. Ku America mu 1984 anajambulapo madokotala akucheza ndi odwala, n'kupeza kuti pakangotha masekondi ngati 18 dokotala wamudula kale munthu. Kuno m'mene ndaoneramu ena a ife sitifika n'komwe pamenepo.

Ndipo mukuchita zimenezi nyengo yolakwika. Ino ndi nthawi yoti anthu agulitsa soya ndi chimanga kwa mavenda pa mtengo wolira nawo, ngongole ya feteleza yakhwima, kubanki m'khonde akufuna zawo, wakatapila akufika pakhomo m'mamawa. Bambo wachikulire sangalowe muofesi n'kunena kuti ndakhumudwa, paja tinawalera kuti mamuna salira. Adzati mutu, adzati msana, adzati thupi lonse kuphwanya, nkhani yeniyeni imabwera kumapeto ngati mwaipatsa mpata. Mukamudula abweranso sabata yamawa ndi mutu womwewo, mumuyezanso malungo osapezeka, thiransipoti yapita, kenako azikataya mbuzi kwa asing'anga. Enanso ndi aja ali kale pa chlorpromazine kapena haloperidol, mankhwala a matenda aakulu a maganizo, akufuna akuuzeni kuti mankhwalawa akuwagonetsa tsiku lonse, khosi likuuma, manja akunjenjemera, kuchipinda zinthu sizikuyenda, inu mwangoti "pitirizani kumwa". Akafika kunyumba amasiya mwakachetechete, pakatha miyezi ingapo abale akubwera naye atamumanga zingwe, ndiye tiyambe kusaka galimoto ya ku Zomba Mental pa nkhani yoti tikanangosintha mlingo.

Pali bambo wina mlimi wa fodya, anabwera katatu ndi mutu, m'buku mwake panado yekhayekha. Ulendo wachinayi anandipeza ine, ndinangotseka buku lija n'kufunsa kuti kunyumba kuli bwanji. Anakhala duu, chipewa akuchipotokola pa bondo, kunja laini ikung'ung'udza, inenso pakamwa pakundiyabwa kuti ndiyankhule koma ndinadzigwira, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako anati, "fodya ndinagulitsa, koma ndalama sizinafike pakhomo." Anakongola kwa wakatapila, anagulitsa mbuzi za mayi akunyumba osawauza, ndipo anagula tameki pamsika, ati wa makoswe, wabisa padenga. Nditamufunsa mosapsatira ngati akuganiza zodzipha anangogwedeza mutu kuvomera. Nkhani yonseyi sinathe ndi mphindi 15 zomwe. Madzulo ake mchimwene wake anakachotsa tameki uja.

Mundiuza kuti laini imakhala yaitali, ndikudziwa, nanenso ndimaona odwala. Koma ku Harare, ku Mbare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006 ndi agogo aakazi okhala pabenchi panja pa chipatala, opanda digiri, ntchito yawo kumvetsera anthu odwala chimene Achishona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri komweku, n'kuwathandiza kusankha vuto limodzi loyamba nalo. Zotsatira za kafukufuku wake zinatuluka mu JAMA, magazini ya madokotala ya ku America, mu 2016, anthu anapezadi bwino. Ndiye inu a yunifolomu chikukukanikani n'chani?

Zochita zake mukuzidziwa kale, ndingokumbutsa mwachangu. Foni m'thumba, WhatsApp idikire. Khalani pansi mofanana naye, chitseko chitsekedwe. Gadiyani ayankhule inde koma kenako atuluke kaye, mayi sanganene za nkhanza apongozi ali pompo. Funso likhale lotseguka, "chikukusowetsani mtendere n'chani", akakhala chete musiyeni, akamaliza bwerezani zomwe mwamva kuti akukonzeni ngati mwaphonya. Wina akati akumva mawu osamuseka kapena kukangana naye, funsani kuti mawuwo akumuuza zotani. Za kudzipha funsani mwachindunji, kufunsa sikumuika munthu maganizowo. Akavomera asabwerere yekha, itanani a kiliniko tsiku lomwelo, ndipo ngati apatsidwa amitriptyline, mankhwala a matenda okhumudwa, muuzeni kuti amatenga masabata awiri kapena kuposa asanayambe kuthandiza maganizo, mapilitsiwo asunge ndi gadiyani chifukwa akamwedwa ambiri nthawi imodzi amapha.