Laputopu ya magemu yafa waranti itangotha: muyambire apa musanawononge ndalama

Laputopu ya magemu si chinthu chogula ndi ndalama za m'thumba, ndiye ikathima patangopita mwezi umodzi kapena iwiri waranti itatha, mtima umawawa. Makampani monga ASUS, MSI, Lenovo, Acer ndi HP kawirikawiri amapereka waranti ya chaka chimodzi basi, pamene makinawa amagwira ntchito akutentha kwambiri tsiku ndi tsiku. Koma musathamangire kuvomereza mawu akuti "motherboard yapsa", kutanthauza kuti bodi yaikulu ya m'katimo yawonongeka. Mawu amenewa amatuluka msanga pakamwa pa okonza ena, chonsecho mavuto ambiri amakhala a chaja, batire, RAM (timitengo tosunga kwakanthawi zomwe makina akugwira) kapena fumbi. Yambani ndi zosalira ndalama, zodulazo zibwere pomaliza.

Poyamba, tsimikizani kuti waranti yathadi

Musanamasule sikuruwu ngakhale imodzi, tembenuzani laputopuyo, lembani serial number yomwe ili pansi, kenako muilowetse pa webusaiti ya kampani yomwe inaipanga. Nthawi zina kampani imawerenga chaka kuyambira tsiku limene katunduyo anatuluka kufakitale, osati limene inu munagula. Mukawatumizira lisiti amakonza tsikulo, ndipo mutha kupeza kuti mudakali ndi masabata angapo.

Komwe inagulidwa nakonso n'kofunika. Ngati anakugulirani ndi m'bale wanu ku Britain, lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limalola wogula kukadandaula kwa wogulitsa mpaka zaka 6 ku England ndi Wales, kapena zaka 5 ku Scotland, ngakhale kuti pakadutsa miyezi 6 wogulayo ndiye ayenera kusonyeza kuti vutolo linalipo kuyambira pachiyambi. M'mayiko a European Union chitetezo chotere ndi cha zaka 2. Wokadandaula akhale mwini dzina lomwe lili pa lisiti. Kuno kwathu ku Malawi, ngati wogulitsa anakunamizani za waranti, madandaulo amapita ku Competition and Fair Trading Commission.

Fufuzaninso pa intaneti dzina la modelo yanu. Vuto likakhala la anthu ambiri, makampani nthawi zina amakonza kwaulere. Zinachitikapo mu 2008, tchipisi ta Nvidia GeForce 8400M ndi 8600M titayamba kufa: Dell, HP ndi Apple anawonjezera nthawi yokonzera makina okhudzidwawo. Kulemba kalata yaulemu yopempha kuti akuganizireni sikulira kanthu.

Pulumutsani mafayilo anu

Ngati laputopuyo ikuyakabe mwa apo ndi apo, koperani zonse zofunika lero lomwe. Ngati yathimiratu, SSD yake, disiki yosungira mafayilo, imatheka kuizula, ndipo mukaiika m'kabokosi ka USB kolandira SSD ya mtundu wa M.2 mutha kuiwerenga pa kompyuta ina. Apa pali msampha umodzi: Windows 11 nthawi zambiri imatseka disiki ndi BitLocker mwini wake osadziwa. Lowani mu akaunti yanu ya Microsoft pa foni, pezani recovery key, nambala yotsegulira disikiyo ya manambala 48, muilembe papepala. Mukamawerenga SSD pa kompyuta ina kapena motherboard ikasinthidwa, Windows idzaifunsa nambala imeneyi.

Ngati siikuyaka n'komwe

Kayikirani chaja kaye. Machaja a makinawa ndi akuluakulu, a 180W, 230W, 280W mpaka 330W, ndipo ndi amene amayamba kulandira nkhonya magetsi akazima n'kubwerera mwamphamvu. Werengani pachajapo: ambiri amatulutsa 19.5V kapena 20V. Aliyense wokonza mafoni kapena mawailesi ali ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, ndipo kuyeza n'kwa mphindi imodzi. Machaja a Dell ndi HP a mutu wozungulira ali ndi kasingano pakati komwe kamauza laputopu mphamvu ya chajayo. Kakapindika kapena kuthyoka, batire imasiya kudzaza ndipo makina amayenda pang'onopang'ono. Yang'ananinso polowetsa chaja. Pakamagwedera, kapena kanyale kakamayaka pokhapokha mutapendeketsa chingwe, vuto ndi kabowoko, ndipo kusintha kwake n'kotchipa.

Chaja ikakhala bwino, zulani chilichonse cholumikizidwa, ndi chaja yomwe, n'kudina batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 60. Zimenezi zimadzutsa katchipisi koyang'anira magetsi m'katimo, komwe nthawi zina kamangosokonezeka. Bwezerani chaja muyesenso.

Chizindikiro china choti muchisunge: ngati kanyale ka pachaja kakuzima mukangoilowetsa mu laputopu, m'katimo muli shoti. Lekani kuyesayesa, ntchitoyo ndi ya mmisiri.

Ngati ikuyaka koma sikirini ili bii

Dinani Caps Lock. Kanyale kake kakamayaka ndi kuzima, ubongo wa makinawo uli moyo. Lumikizani TV kudzera pa HDMI. Chithunzi chikatuluka pa TV, vuto ndi sikirini kapena kachingwe kake komwe kamadutsa pa hinji n'kumatha chifukwa chotsegula ndi kutseka. Walitsaninso tochi ya foni pafupi ndi sikiriniyo m'chipinda cha mdima: mukaona chithunzi chozimiririka, chafa ndi kuwala kwa kumbuyo kokha.

Pa TV pakakhalanso popanda kanthu, yesani RAM. Tsegulani chivundikiro cha pansi, zulani chingwe cha batire, tulutsani timitengo tonse tiwiri ta RAM, bwezerani kamodzi kokha. Ikakana, sinthani ndi kachiwiriko. Mukayatsa dikirani ndithu, chifukwa makina a RAM ya mtundu wa DDR5 amatha kukhala mphindi imodzi kapena kuposerapo sikirini ili yakuda RAM ikangosunthidwa. Eni a HP angayesenso kugwira batani la Windows pamodzi ndi B poyatsa, njira yobwezeretsera BIOS (pulogalamu yoyambitsa makina) ikawonongeka.

Ngati imathima gemu ili m'kati

Apa ndi pamene ambiri amataya laputopu yabwinobwino. Ikani pulogalamu yaulere ya HWiNFO, yambitsani gemu, muone kutentha. Ma CPU (ubongo wa kompyuta) ambiri a Intel malire awo ndi 100°C, ndipo ma GPU (tchipisi topanga zithunzi) ambiri a Nvidia a m'malaputopu amayamba kudzichepetsa liwiro akafika pa 87°C. Manambala akamakhala pamenepo nthawi zonse, makina akubanika.

Thimitsani, masulani chivundikiro cha pansi, ndipo chinthu choyamba kuzula chikhale chingwe cha batire. Sikuruwu ikagwera pa motherboard batire ili yolumikizidwa, vuto laling'ono limasanduka lalikulu. Masikuruwu amasiyana kutalika, choncho ayaleni papepala monga momwe analili. Masulani mafani onse awiri muyang'ane pakati pa fani ndi tizitsulo topyapyala totulutsira mpweya. Pamenepo pamakhala fumbi loumbana ngati kansalu ka bulangete, ndipo kunja silioneka. Ndi fumbi lathu la mu Seputembala ndi Okutobala, chaka chimodzi n'chokwanira kutseka njira yonse. Lichotseni ndi kaburashi kofewa. Mukamapemerera mpweya, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopyola muyeso.

Kenako thermal paste, phala lothandiza kudutsitsa kutentha. Masulani heatsink, chitsulo chochotsa kutentha pa CPU ndi GPU, motsatira manambala olembedwa pambali pa masikuruwu ake, pukutani phala lakale louma ndi isopropyl alcohol, pakani latsopano pang'ono pa CPU ndi pa GPU, n'kumanganso motsatira manambala omwewo. Timapadi tofewa tomwe tili pa tchipisi tozungulira GPU musatitaye, ndipo mukasintha kukhuthala kwake kukhale komweko. Tikanenepa, heatsink siikhudza GPU bwino ndipo kutentha kumaposa poyamba.

Chenjezo kwa eni a ASUS ROG: kuyambira 2020 makina ambiri a mtunduwu ali ndi liquid metal pa CPU. Chimaoneka ngati siliva wamadzimadzi ndipo chimadutsitsa magetsi, moti kadontho kamodzi kakagwera pambali kangathe kupha motherboard. Ngati simunachigwirepo, tsukani mafani okha, heatsink muisiye.

Muli m'katimo, yang'anani batire. Ikatupa, kapena ngati touchpad yayamba kutukuka, ichotseni osaiboola kapena kuipinda, chifukwa ikhoza kuyaka moto. Malaputopu ambiri amayenda pa chaja yokha podikira batire ina, kungoti ena amachepetsa liwiro.

Kutentha kukakhala kwabwino koma gemu ikumangotseka, chotsani madiraiva a GPU ndi Display Driver Uninstaller mu Safe Mode n'kuika atsopano. Yezaninso RAM ndi MemTest86, ndi SSD ndi CrystalDiskInfo.

Mukafika kwa mmisiri

Zonsezi zikakanika, vuto lili pa motherboard, koma sizitanthauza kuti yonse yatha. Nthawi zambiri chimafa ndi kachipangizo kamodzi, MOSFET kapena capacitor ya pa njira ya magetsi, ndipo wodziwa ntchito amakapeza n'kukasintha. Funsani molunjika: "Bambo, mumakonza pa bodi penipeni kapena mumangosintha bodi yonse?" Onani ngati pa tebulo pake pali multimeter, maikulosikopu ndi makina operekera magetsi oyezera. Mufunseni chomwe wayeza ndi chomwe wapeza. Woyankha kuti "yapsa" asanatsegule, muthokozeni muzipita.

Chimene ndikukanizani ndi mtima wonse ndi kuwotcha GPU ndi mpweya wotentha. Laputopu imadzukadi, mumalipira mukusangalala, koma pakapita masabata imafanso, ndipo bodi yowotchedwa imavuta kukonzanso.

Musanaisiye, jambulani m'kati mwake ndi foni kuti RAM, SSD ndi batire zioneke, ndipo ngati n'kotheka SSD mupite nayo kunyumba. Mtengo alembe papepala, ndipo mugwirizane kuti zomwe wachotsa akubwezereni. Ngati bodi ina ikudya ndalama zoposa theka la mtengo wa laputopu yofanana nayo, ine ndingati musakonze. GPU ya Nvidia ikafa, makina ena amayendabe ndi GPU ya m'kati mwa CPU mukaithimitsa ya Nvidia mu Device Manager, ndipo amagwira ntchito za kusukulu kapena za muofesi. Apo ayi, sikirini, RAM, SSD ndi chaja zimagulitsika pazokha.

Pokaitenga, musalipire itangoonetsa Windows. Pitani ndi chaja yanu, yatsani gemu yolemera kwa theka la ola pomwepo HWiNFO ili yotsegula, ndipo pemphani waranti ya ntchitoyo yolembedwa pa lisiti. Amene muli ku South Africa, lamulo la Consumer Protection Act limakupatsani miyezi 3 pa ntchito yokonza ndi pa zipangizo zomwe aikamo.