Momwe mungadziwire ngati kafukufuku wa katswiri wasinthadi zinthu

Kaya ndinu mtolankhani, wophunzira wa kuyunivesite kapena bwana wa bungwe amene akufuna katswiri womulemba ntchito, mudzamvapo anthu akutama kuti "uyu ndiye kafukufuku wake ndi wamphamvu". Mutsimikiza bwanji? Titengere chitsanzo cha Elinor Ostrom, mayi wa ku America amene ankaphunzitsa ku Indiana University ndipo mu 2009 anakhala mkazi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma. Iye ankafufuza momwe anthu amasamalira chuma cha onse monga nkhalango, msipu, nsomba ndi madzi othirira mbewu.

1. Yambani ndi manambala, koma musakhalitsepo

Lowani pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo zolemba za akatswiri, lembani dzina la katswiriyo, muone kuti anzake atchula zolemba zake kangati. Mupezanso h-index, muyeso umene Jorge Hirsch anayambitsa mu 2005. Ikakhala 20, ndiye kuti munthuyo ali ndi zolemba 20 ndipo chilichonse chatchulidwa ka 20 kapena kuposa. Onetsetsani kuti ndi yemweyo. A Banda ndi a Phiri ndi ambiri, choncho yang'anani nambala yake ya ORCID, yomwe imasiyanitsa wofufuza ndi anzake a dzina lofanana. Musamuyerekeze ndi katswiri wa zachipatala. Ofufuza za anthu amalemba kwambiri mabuku ndi malipoti, ndipo manambala awo amakwera pang'onopang'ono.

2. Fufuzani ganizo limene anagwedeza

Mu 1968 katswiri wa zachilengedwe Garrett Hardin analemba kuti chinthu cha onse chimatha msanga chifukwa aliyense amakokera kwake. Ambiri anazimva kuti yankho ndi boma kapena kugawira anthu payekhapayekha. Ostrom, m'buku lake la mu 1990 lotchedwa Governing the Commons, anasonkhanitsa umboni wotsutsa: alimi a m'mudzi wa Törbel ku Switzerland asunga msipu wawo kwa zaka mazanamazana, asodzi a ku Alanya ku Turkey amagawana malo ophera nsomba mwa maere. Anapeza mfundo 8 zomwe magulu opambana amafanana, monga malire odziwika, oyang'anira ochokera pakati pa eni ake ndi chilango chomwe chimakula munthu akabwereza kulakwa. Mukalephera kufotokoza m'mawu ochepa chimene katswiri wanu anasintha m'maganizo a anthu, bwererani mukawerengenso.

3. Tsatani mapazi ake m'ndondomeko za boma

Tsegulani malipoti a maunduna, zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo ndi malipoti a mabungwe a United Nations ngati FAO (loona za chakudya ndi ulimi) kapena IPCC (loona za kusintha kwa nyengo), mufufuze dzina lake pa mndandanda wa zolemba zomwe anagwiritsa ntchito. Ku Britain zimenezi amaziwerengera ndithu: pa kawuniwuni wa mayunivesite wa REF wa mu 2021, gawo la 25 pa 100 la malikisi linachokera ku umboni woti kafukufuku wathandiza kunja kwa kalasi.

4. Pitani kwa eni ake, ndipo samalani ndi mawu oti "chifukwa cha"

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Kuno kwathu makomiti a asodzi a m'mbali mwa nyanja anayamba ku Malombe mu 1993, ndipo malamulo a mu 1997 a zausodzi ndi a zankhalango anapereka mpata woti anthu akumudzi azitenga nawo mbali. Zikufanana ndi za Ostrom, inde, koma kufanana si umboni. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, a mfumu Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'ma 1950, buku lija lisanalembedwe n'komwe. Kunena kuti zonsezi zinachokera kwa katswiri mmodzi n'kubera mafumu ndi asodzi ulemu wawo.

Choncho funsani amene analemba ndondomekoyo kuti anawerenga chiyani ndipo anakumana ndi ndani. Kenako mukakhale pansi ndi komiti ya kudoko. Kodi wogwidwa ndi khoka la maso ang'onoang'ono amalangidwa? Ndalama za chindapusa amasunga ndani? Ofufuzawo anabwerako kudzawauza zomwe anapeza, kapena anangotenga mayankho n'kupita? Lembani tsiku, malo ndi udindo wa aliyense amene mwacheza naye, kuti wina akafuna kutsimikiza adzathe kukafika komweko.