Uta wosemasema ndi wopachika pakhoma, musalondere nawo munda

Chimanga chikayamba kukhwima chonchi anyani ndi nguluwe zochokera m'nkhalango ya Kaning'ina kuno ku Mzuzu sizigonetsa anthu tulo, izo nzachaka ndi chaka, koma chomwe chikundiwawa ine ulendo uno ndi mauta omwe alimi akugula oti azilondera nawo minda. Munthu akuchoka m'tauni wanyamula uta wonyezimira vanishi, wosemedwa timaluwa ndi mitu ya njovu kuyambira kumwamba mpaka pansi, mikanda ili lende, ati wapeza chida. Abale anga, mauta amenewo amisiri amasemera alendo opita ku Nkhata Bay kuti akakongoletsere nyumba kwawo, ndipo wosemayo sanalakwe ayi, malonda ake ndi omwewo. Zokoka nsinga sanaziwerengere nkomwe popanga.

Nkhani yonse ili pamsana pa uta, mbali ija imayang'ana kutsogolo ukamakoka. Mbali imeneyo ndi imene imatamuka, pomwe ya kumimba yoyang'ana kwa iwe imapanikizika, nde mitsempha ya mtengo ya pamsanapo imayenera kuyenda osadukiza kuchoka kunsonga iyi kukafika kunsonga inayo. Mpeni ukadutsapo kujambula duwa basi mitsempha yaduka, ndipo utawo udzathyokera pomwepo, mwina osati lero koma tsiku lomwe mwakoka ndi mtima wonse nyama ili pafupi. Vanishi naye amabisa zambiri, ming'alu, mfundo, ngakhale timabowo ta anankafumbwe, zonse zimaoneka bwinobwino zikapakidwa. Nanga mtengo wake? Ena mwa mauta amenewa ndi a paini chifukwa ndi wofewa sachedwa kusema, koma paini akapindika kwambiri sachenjeza, amangoti thyo. Ena ndi a mtengo wakuda wolemera uja wa ziboliboli, wokongola zedi, koma nsonga zikalemera zimabwerera mochedwa ndipo muvi umangogwa pafupi wopanda mphamvu.

Abambo ena a cha ku Msongwe anandipeza atamata pulasitala pamwamba pa diso. Akuti anakoka kuti aopseze anyani omwe anali m'mphepete mwa munda, uta nkuthyokera pomwe panasemedwa njovu, chidutswa nkuwamenya pamphumi, pang'onong'ono diso likanapita. Ndikuwafunsa kuti nanga munauyesa pogula, akuti "alangizi, unali wokongola kwabasi, ngakhale mayi akunyumba anauyamikira." Masiku omwe anali kuyendera kuchipatala munda unalibe mlonda, anyani anakolola mizere yonse ya kumalire ndi nkhalango, feteleza wodula chonchi kupita pachabe, kuwonjezapo ndalama ya utawo ndi ya thiransipoti.

Komanso pali khalidwe lakale lomwe landitopetsa, loti uta wa mwamuna weniweni ndi wouma gwa wosakokeka. Munthu akuchita kunjenjemera mikono pokoka, aloza bwanji? Nguluwe yolasidwa mwachisawawa siifa, imapsa mtima, ndipo ikakutembenukira ndi mano aja mwendo umang'ambika. Ena uta amausiya uli chikungire mwezi wathunthu atautsamiritsa pakona, ati agogo ankatero. Kuno ku Mzuzu mvula imafika mpaka Epulo ngakhale Meyi, chinyontho chili thoo, mtengo umamwa madzi nkukhala wopindika mpaka kalekale, nsinga ya chikopa nayo imatamuka nkumangoti lobodo. Ndiye mumati uta watha mphamvu pomwe mwaupha ndinu.

Ndinenerenso izi zisanandichoke: kulondera munda wanu si kusaka m'nkhalango. Kulowa ndi uta mu Kaning'ina, ku Vwaza kapena ku Nyika ndi mlandu, ndipo lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017 moti pa nyama zina zotetezedwa munthu atha kukakhala kundende mpaka zaka 30. Nyama zikavuta kwambiri kauzeni amfumu ndi a dipatimenti yoona za nyama zakutchire, osamangodzichitira nokha. Pothamangitsa anyani muvi wa nsonga yobuntha umakwana.

Za kasankhidwe ndingonena mwachidule poti ambiri mukuzidziwa kale. Pitani kwa akuluakulu omwe amapanga mauta ogwiritsa ntchito kumudzi, osati pamalo ogulitsira ziboliboli. Funani mtengo wouma bwino pamthunzi, wosalala pamsana, wopanda chosema chilichonse, ndipo ngati wapakidwa vanishi wambiri mpaka mtengo osaoneka usiyeni. Mnzanu akoke pang'onopang'ono inu muli pambali kuyang'ana ngati mbali yakumwamba ndi yakumunsi zikupindika mofanana, pakapezeka malo amodzi opindika kwambiri kapena mwamva kulira ngati kukung'aluka musagule. Ukhale woti inuyo mukukoka mpaka patsaya nkugwira kanthawi osanjenjemera. Osatayilira nsinga popanda muvi, uta umasweka. Mivi ya bango muiwongole pamoto ndipo nthenga zikhale zolingana, mukaweruka masulani nsinga, pakani timafuta pang'ono nkuugoneka pamalo ouma kutali ndi moto ndi ana.