Vinyo woyera nthawi yotentha, mmene mungamumvere kukoma

Kukatentha chonchi musavutike ndi vinyo wolemera, pezani woyera wowawasira pang'ono ngati Sauvignon Blanc, Riesling kapena Pinot Grigio, ndipo onani chaka pabotolopo, wa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi ndiye bwino, ambiri a mtundu umenewu sasungidwa nthawi yaitali ayi.

Kuwawasira kuja sikubwera mwangozi. Opanga amathyola mphesa zisanapse kwambiri, nthawi zina usiku kapena m'mamawa kusanatenthe, nkuzifinya msanga kuti madzi asiyane ndi makoko ake, nchifukwa chake safiira. Kenako yisiti imasandutsa shuga kukhala mowa m'mathanki achitsulo ozizira, cha m'ma 12 mpaka 18 digiri, pang'onopang'ono kuti kafungo ka zipatso kasathawe, ndipo ambiri samuikanso m'migolo yamatabwa. Ineyo mbali imeneyi ndi yomwe imandisangalatsa, ntchito yake njofuna kuleza mtima zedi.

Ndiye pomwa. Ikani botolo mufiriji maola awiri kapena atatu, azizire cha m'ma 8 mpaka 10 digiri, mukafulumira liikeni mundowa ya ayisi wosakaniza ndi madzi kwa mphindi 20 basi. Koma asazizirenso mopyola muyeso, fungo lonse limabisala, mumangomva kuzizira kokha. Thirani pang'ono, osadzaza tambula, gwirani kumwendo kwake kuti dzanja lisamutenthetse, muzunguze kaye, nunkhizani ndiye mumwe.

Wotsala mutseke bwino abwerere mufiriji, mummalize pasanathe masiku atatu.