Bondo likamawawa musasiye kuvina, sinthani kavinidwe

Amayi ndi abambo a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, ambiri bondo likayamba kuphwanya mumangoti ukalamba wafika, n'kukhala phee pampando anzanu akuvina perekaniperekani. Kukhalako ndiye kumakulitsa vuto. Munthu akadwala nyamakazi ya m'mawondo, chicherewecherewe chomwe chimateteza mafupa kuti asamakhulane chimaperepeseka. Tsono minofu ya ntchafu ikafookanso chifukwa chosagwira ntchito, katundu yense wa thupi amatsikira pa bondo lomwelo.

Ng'oma ilibe mlandu. Zomwe zimalanga bondo ndi kunyonyomala mpaka pansi, kudumpha, ndi kupotokola thupi phazi litakanirira malo amodzi. Pofuna kutembenuka, nyamulani phazi muzungulire ndi timasitepe ting'onoting'ono. Gule mumupereke m'chiuno, m'mapewa ndi m'manja. Simenti ya m'maholo ilibe chisoni, choncho valani nsapato zafulati. Zagogoda zija muzivale pojambulitsa basi.

Ntchafu muzilimbitse kunyumba. Khalani pampando, wongolani mwendo, werengani mpaka 5, kenaka utsitseni pang'onopang'ono. Chitani maulendo 10 mwendo uliwonse. Mukazolowera, muzidzuka pampandopo ndi kukhalanso osagwirira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa akuluakulu kutakasa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda, kulima padimba ngakhale kuvina ku kwaya kumawerengedwa momwemo.

Mzinda wathu wa Blantyre ndi wa zitunda, ndipo kutsetsereka kumazunza bondo kuposa kukwera. Ndowa ya malita 20 yochokera pa kiyosiki ndi makilogalamu 20 owonjezera pa mawondo anu. Itungeni theka, mupite kawiri. Ndodo nayo si yamanyazi: igwireni m'dzanja la mbali yomwe kulibe bondo lowawalo.

Kumva kuwawa pang'ono povina si chachilendo. Koma mukadzuka mawa lake bondo litatupa kapena ululu utakula kuposa dzulo, ndiye kuti munapyola muyeso, ulendo wina muchepetse. Musamangomwa mankhwala opha ululu monga Brufen kapena diclofenac tsiku ndi tsiku kuti mukavine, chifukwa akamwedwa nthawi yaitali amawononga m'mimba ndi impso.

Bondo likatentha ndi kutupa, thupi n'kutenthanso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Likamakana kuwongoka kapena kugwedera mukamaponda, kapimitseni kuchipatala cha m'dera lanu. Akaona kuti pakufunika madokotala a mafizo, akutumizani ku Queen Elizabeth, komwe ambiri timangoti ku Gulupu.